Bondo la Kapitawo ndi Beseni la Lestina

Nkhani ija mwakhala mukuimva, yakuti Lestina anakhuthulira madzi owira pa mwendo wa kapitawo Fackson chifukwa chomukana ukwati, ndi bodza lamkunkhuniza. Yamveka pamsika wa Bvumbwe, yamveka kwa Mphuka, yamvekanso pakhomo la tchalitchi, pomwe pakamwa payenera kupumako. Aliyense woinena amathirako mchere wake. Wina amati inali ndowa yathunthu. Wina amati m'madzimo munali mizu yochokera kutsidya kwa Ruo. Mayi wina wogulitsa nthochi amachita kulumbira kuti anamva yekha kukuwa kwa kapitawoyo, chonsecho chaka chimenecho iye anali kwawo kwa Nchilamwela, akulera mwana woyamba. Kuti a Fackson amakoka mwendo, izo n'zoona, mumawaona nokha. Kuti madzi analipo ndipo anali otentha, izonso n'zoona. Zotsalazo tiyeni tiziyanike padzuwa, tione zimene ziuluke ndi mphepo.

Lestina anaoloka Ruo mano aubwana asanaguluke, atagwira nsonga ya nsalu ya mayi ake, a Alesi, amene ankathawa ulamuliro wa Apwitikizi monga ankachitira Alomwe ambiri masiku amenewo. Bambo ake anatengedwa kukanyamula katundu wa boma la kumeneko ndipo sanabwerere. Chuma chimene a Alesi anafika nacho ku Thyolo chinali khasu lopanda mpini ndi mbewu ya kalongonda yomangidwa pakansanza. Anapatsidwa malo pa esiteti ya mzungu amene anthu ankamutcha Bwana Kaliwo, poti mkamwa mwake simunkasowa utsi, ndipo malowo ankawalipira ndi msana, monga thangata inkafunira.

Mwanayo anayamba kuthyola tiyi mutu wake utangoyamba kuoneka pamwamba pa mizere. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu kumbuyo, kuyambira mame asanakamuke mpaka dzuwa kupendeka. Okamba nkhani masiku ano amamupanga chiphadzuwa chogwetsa amuna m'ngalande. Kunama. Anali wamfupi, wa mapewa otakata, wosaseka wamba, ndipo mawu ankawatulutsa pang'onopang'ono ngati mchere wa phoso. Chokongola pa iye chinali chimodzi chokha, manja. Anali manja achangu, olimba, odziwa pamene chinthu chikufuna kuthyoka ndi pamene chikungofuna kupindika.

M'dzinja la 1928 a Alesi anaterereka pamtsetse ali ndi dengu lodzaza kumsana, nabinya chiuno. Anawanyamulira ku kachipatala ka anthu a Sabata kamene kanali pamtunda pakati pa maesiteti: zipinda ziwiri, khonde, ndi mafuwa kuseri. Mwini ntchito kumeneko anali namwino wachizungu, Dona Jean, mayi wamtali wouma ngati nsungwi, amene pambuyo pa Mulungu ankakhulupirira madzi otentha. Mutu, madzi otentha. Msana, madzi otentha. Akanakhala ndi nsalu yokwanira akanathowa phiri la Thyolo kuti liphwe.

Lestina anakhala pambali pa mayi ake n'kumangoyang'ana. Mlungu usanathe, Dona polowa m'mawa anapeza mtsikana wa m'tiyi atafinya kale nsalu, akuthowa chiuno cha mayi ake ndendende momwe iye ankachitira. Anamugwira manja, nawatembenuza uku ndi uku ngati akugula mphasa, nafunsa ngati angafune kuphunzira. Zaka zitatu, kenaka satifiketi, pepala lachidindo limene ukalinyamula chipatala chilichonse cha mishoni chimakutsegulira chitseko, ndipo dengu la tiyi suliberekanso. Lestina anavomera funso lisanathe. Anabatizidwa, anasiya nkhumba, anasiya mbewa, anasiya ngakhale kumwa tiyi, amene chibadwire anali asanamulawepo ngakhale anamuthyola zaka zisanu ndi zitatu. Anamuveka epuloni yoyera. Mukafuna kumvetsa zonse zimene anameza pambuyo pake, musayang'ane kwina, yang'anani pepala lija.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Uwiritse madzi m'chitini mpaka abwadamuke, uthire m'beseni. Utenge chidutswa cha bulangete, upinde m'litali, uviike pakati pokha, nsonga ziwiri zikhale zouma m'manja. Ndiye upote, dzanja ili uku, ili uku, mpaka madzi afinyike. Pamenepo manja onse awiri ndi akapolo. Ukangomasula chala, nsalu imabwerera yokha n'kulavula madzi owira pa chilichonse chimene chili pansi pake. Musaiwale zimenezi, tidzazifuna kutsogoloku. Ukafinya, ukulunge m'chidutswa chouma, uike pamalo powawa, katatu. Upukute ndi madzi ozizira, udzoze mafuta a nsatsi, usisite. Pomaliza penipeni ndi pamene odwala amatukwanira mayi ako: kupinda mfundo youmayo, lero pang'ono, mawa kuonjezera, tsiku ndi tsiku osadumphitsa, kufikira itakumbukira ntchito yake.

Tsono pali chinthu chimene Dona sankachidziwa, chimene mwana aliyense wa m'malaini a antchito a pa esiteti amachidziwa asanaphunzire kuwerenga. Kwathu kuno kuthowa thupi la mwamuna ndi ntchito ya mkazi wake. Amakalangizidwa kuchinamwali: mwamuna akabwera wotopa, tenthetsa madzi, tenga kansalu, tseka chitseko. Mlongo wake sachita. Mayi ake akachita, ndiye kuti mwamunayo ndi khanda kapena ali pafupi kutisiya. Pachipatalapo vuto silinkaoneka, chifukwa amuna ankawathowa dresa Amosi, womanga zilonda, m'chipinda chake, akazi n'kumathowedwa ndi Lestina m'chinacho. Anthu ankamuyamikira Dona kuti ndi mzungu wodziwa mwambo. Iye anangogawa choncho chifukwa zipinda zinali ziwiri.

Mu Juni 1930, chiperoni chitakuta mapiri, ngolo ya nkhuni zopita ku fakitale inagubuduzika pamatope, ndipo pamwamba pa nkhunizo panali patakhala a Fackson, kapitawo wamkulu wa Bwana Kaliwo. Munthu ameneyu nayenso anaoloka Ruo wopanda nsapato, koma atalandira jekete la khaki ndi wezulo anaiwala Chilomwe mwadzidzidzi, n'kumachikumbukira pokhapokha akafuna kutukwana. Bondo linasweka. Anakhala miyezi iwiri mwendo uli m'timatabwa. Atamasula, fupa linali litagwirana bwinobwino, koma bondo lili gwa ngati munsi. Dokotala amene ankadutsa pamenepo kamodzi pamwezi ananena momveka kuti madzi otentha ndi kupinda, tsiku lililonse, miyezi itatu, apo ayi mwendowo udzakhala mtengo mpaka kumanda.

Mwezi womwewo dresa Amosi anali atamanga mtolo wake kupita ku Halale kukasaka njinga. Dona anaitana Lestina.

"Mawa uyamba bondo la kapitawo."

Lestina anayang'ana pansi. "Dona, mwamuna sathowedwa ndi mkazi wosakhala wake."

Dona anayankha ndi Chinyanja chake cha m'buku, chija chowongoka ngati mzere wa tiyi. "Bondo liribe mwamuna kapena mkazi. Bondo ndi bondo."

Ku satifiketi kunali kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Lestina anapita kukasonkha moto.

Tsiku loyamba a Fackson anali wodwala wabwino. Anagona pabenchi, kabudula atamukwinyira pamwamba pa bondo, maso kudenga. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, nsalu yofunda itakhala pabondo ndipo ululu utayamba kuzizira, maso anatsika kudenga kuja.

"Iwe, manja amenewa anakulangiza ndani?"

"A Dona."

"Aaa, a Dona sadziwa zimenezi. Izi n'zakuchinamwali izi."

Lestina anapitiriza kusisita. Pofika tsiku lachisanu anali atamupatsa dzina. Akamalowa pakhomo atatsamira ndodo ankati, "Mkazi wanga wamng'ono, madzi afunda?" Ndipo bondo lija linayamba kuchita zodabwitsa zimene mabuku a Dona sanalembe. Ululu unayamba kukwera. Lolemba unali pabondo. Lachitatu unali pamwamba pa bondo. Lachisanu unali pantchafu, ndipo kabudula ankamukwinyira m'mwamba kuti aulondole.

"Wakweranso. Pita uku. Ayi, pamwamba."

"Adokotala anati bondo, a kapitawo."

"Adokotala ndi amene akumva kuwawa?"

"Ululu wokwera choncho ndi wa a Dona. Ndikawaitane?"

Ukatchula Dona, ululu unkatsika wokha ngati nyani woona galu. Koma munthu amene wakhala zaka khumi ndi zisanu akuyang'anira anthu m'munda amadziwa nthawi imene wantchito sangathawe. A Fackson anaona kuti pofinya nsalu mtsikanayo amatembenukira kubeseni, manja onse awiri ali pantchito. Tsiku lina, nthunzi ili tolo, Lestina anamva zala zikuyenda m'chiuno mwake pamwamba pa epuloni.

"Ndimafuna ndidziwe ngati a Sabata amavala mikanda," anatero a Fackson.

Lestina anamaliza kufinya, poti sakanachitira mwina. Anaika nsalu pabondo, natuluka, nakapeza Dona akuwerenga mabandeji. Ananena zonse, mwachidule monga mwa chikhalidwe chake. Dona anafiira makutu, kenaka anati wodwala ali ngati mwana, Mkhristu apirire, ndipo kuyambira mawa chitseko chizikhala chotsegula. Chitseko chinatseguladi. Phindu lake linali lakuti a Fackson anapeza omvera. Odwala okhala pakhonde, a zilonda ndi a chifuwa, ankamva tsiku ndi tsiku kapitawo akuitana "mkazi wanga wamng'ono", akubuula mokometsera nsalu ikamuyalidwa, ndipo madzulo aliyense ankanyamula kachidutswa kake kupita nako kulaini. Zala nazo sizinasiye. Zinangophunzira kuyenda mbali imene khonde silikuona.

Lamlungu lina Lestina atapita kukaona mayi ake anapeza tambala wofiira atamangidwa pa nsanamira. A Alesi anali ndi nkhope ya munthu amene watola ndalama panjira koma akuopa mwini wake.

"Abwera nayo anthu a kapitawo," anatero. "Akuti poti unayamba kale kuwathowa, chatsala n'kungodziwitsa akuluakulu."

"Mwalandira?"

"Ndikanakana bwanji? Mwanawe, tamvera. Anthu akulankhula kale. Mwamuna wa nsapato, nyumba ya njerwa. Pepala lakolo udzafunda?"

Lestina sanakangane ndi mayi ake. Anamasula tambala, namukolekera m'khwapa, natsika njira ya kufakitale dzuwa lili pamutu, anthu onse akuona. Kunyumba ya njerwa anapeza mkazi wa kapitawo, a Esnat, akusenda nandolo pakhonde. A Esnat ndi mayi wathupi, wa mawu a ng'oma, amene ngakhale Bwana Kaliwo ankamulambalala.

"Amayi, nkhuku yanu inasochera. Inafika kwathu."

A Esnat anayang'ana tambala, nayang'ana mtsikana. Tambalayo anamudziwa, poti anali atamufunafuna masiku awiri n'kumunamizira nkhandwe.

"Ndiwe wa madzi uja?"

"Ndine."

"Ndiye wabwera kudzandionetsa mano?"

"Ndabwera kudzakuitanani. Akuti kuthowa n'kwa mkazi wa munthu. Mkazi wa munthu ndinu. Mubwere mawa mudzaone momwe timachitira, kuti muzidzachita nokha."

"Ha! Zaka khumi ndi zisanu ndikuwathowa bambo a Chester, lero undiphunzitse iwe wa dzulodzulo?"

"Kuthowa mumadziwa, amayi. Kupinda ndiye kwina."

A Esnat anasenda nandolo zitatu. Kenaka anati, "Mangirira tambalayo apo. Amayamba nthawi yanji?"

M'mawa mwake a Fackson polowa ndi moni wawo uja, mawu anawathera pakhosi pa "mkazi wanga", chifukwa mkazi wawo analidi momwemo, atayala chitenje pansi pambali pa benchi, miyendo atatambasula.

"Malizani," anatero a Esnat. "Mumati mkazi wanga chiyani?"

Masiku atatu amenewo ndi amene bondo linayenda bwino koposa. Ululu sunakwere ngakhale chala chimodzi. Manja a kapitawo anagona pachifuwa ngati a mtembo. Lestina anaonetsa a Esnat kaviikidwe, kafinyidwe, pogwira chidendene ndi pokankha, ndipo pofika popinda a Fackson, amene ankafuna kufa mwachimuna pamaso pa mkazi wawo, analephera, nalira ngati mbuzi ya pachikondwerero.

"Kankha," ankatero a Esnat. "Usawamvere chisoni. Ine ndinabereka anayi."

Tsiku lachinayi a Esnat sanabwere. Mwamuna wawo anawatuma kwa Nchilamwela kukapepesa maliro a munthu amene ngakhale iwo eni sankamudziwa bwino. A Fackson analowa okha, ndipo nthawi ino anakankha chitseko ndi ndodo mpaka chinatsekeka. Sanaseke, sanatchule dzina lija.

"Wandichititsa manyazi, iwe," anatero. "Mwana wa m'laini. Amako ndimawalemba tikiti ya ntchito ndine."

Lestina anatembenukira kubeseni. Anaviika nsalu, nayamba kupota. Atafika pakati, pamene nsalu imalimba ndipo madzi amatsika ngati chingwe, a Fackson anadzuka pabenchi, namugwira epuloni kutsogolo ndi dzanja lamanja, namukokera kwa iwo mwamphamvu. Apa okamba nkhani amagawanika, ena kuti anachita dala, ena kuti anadzidzimuka. Lestina mwini wake, atafunsidwa, anangoti, "Ndinatsegula zala." Nsalu inabwerera yokha monga imachitira, ndipo madzi anapita kumene madzi amapita, pansi. Pansi pake panali dzanja.

Kukuwa kunalipo, pamenepo mayi wa nthochi uja sananame, kungoti sanakumve iye. Dona anathamanga, nadzoza dzanjalo mankhwala, nalimanga. A Fackson anatuluka osatsanzika ndipo sanapondenso pachipatalapo. Dona anatumiza mawu kawiri kuti bondo silidikira munthu. Yankho silinabwere. Chimene chinabwera ndi nkhani, yochokera kunyumba ya njerwa, yakuti mtsikana wa a Sabata anafunsira kapitawo, atakanidwa n'kumuwotcha mwendo, ndipo mwendowo wafa. Kuyambira mlungu umenewo a Fackson anasiya kabudula, nayamba kuvala thalauza lalitali ngakhale m'mwezi wa Okutobala, dzanja lamanja lili m'thumba la jekete ngati mzungu woyendera munda.

Nkhani itakula, akulu a mpingo anaitanitsa bwalo m'chipinda cha sukulu, Lamlungu m'mawa. Wotsogolera anali a Eliya, mkulu wa mpingo, munthu wofatsa amene ankaopa phokoso kuposa tchimo. A Fackson sanali a Sabata koma anabwera, atatsamira ndodo, a Esnat ali pambuyo. Anafotokoza bwino, mwaulemu, ndi misozi pang'ono. Atatha, a Eliya anatembenukira kwa Lestina.

"Mlongo, wamva. Unawotcha mwendo wa bambowa?"

"Ationetse mwendowo."

Anthu anang'ung'udza. A Eliya anati sikoyenera kuti mwamuna wamkulu akwinye thalauza pamaso pa amayi.

"Masiku onse aja ankakwinya okha osauzidwa," anatero Lestina. "Chabwino. Ndiye atulutse dzanja m'thumba."

A Fackson anati dzanja lilibe mlandu pano, mlandu ndi wa mwendo. Apo ndi pamene mawu a ng'oma anamveka kumbuyo.

"Tulutsani, bambo a Chester. Mukubisira ndani? Ndakhala ndikulidzoza mafuta ndine."

Dzanja linatuluka. Kuyambira pamfundo mpaka kuzala linali la mawangamawanga, loyera ngati mimba ya chule. Anthu anasuzumira, ana a sukulu anakwera pamawindo, nathamangitsidwa.

"Ine ndinkathowa bondo," anatero Lestina. "Bondo linali pabenchi. Beseni linali uku. Afunseni dzanjali linkafuna chiyani pansi pa nsalu yanga."

Palibe anawafunsa. Yankho aliyense anali nalo kale, ndipo a Eliya anayang'ana kudenga ngati pali vesi lolembedwa pamenepo. Akulu anatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mbawa, nakambirana mpaka mthunzi unasuntha. Pobwera a Eliya analankhula motsitsa.

Za madzi, anati, mlongoyu alibe mlandu. Mwendo sanawotche, ndipo dzanja linadzipereka lokha. Koma panali china. Mtsikana wosakwatiwa anathowa mwamuna wa mwini masiku oposa makumi awiri, ndipo dziko lonse likudziwa. Amayi ayamba kuletsa amuna awo kubwera kuchipatala, amuna ena ayamba kubwera opanda matenda. Dzina la mpingo lili m'kamwa mwa anthu a mowa. Choncho mlongoyu apume kaye, avule epuloni, kufikira fumbi litatsika.

Dona Jean anaimirira, makutu ali psu. "Ndinamutuma ndine. Iye anakana. Mlandu ndi wanga."

"Dona," anatero a Eliya mwaulemu wonse, "inu ndinu mlendo, mwambo simuudziwa. Mlendo sapalamula. Iyeyu ankaudziwa."

Mwamva chilungamo chake? Amene sankadziwa anakhululukidwa chifukwa sankadziwa. Amene anagwira anapita kwawo kukadya tambala. Amene anachenjeza ndiye anapezeka wodziwa kwambiri. Lestina anamvetsera mpaka pamapeto, navula epuloni pomwepo, naipinda kanayi monga anaphunzitsidwira, naiika patebulo la aphunzitsi. Ku satifiketi kunali kutatsala miyezi inayi. Sanalire, ndipo ena mpaka lero amamusungira chimenecho ngati umboni wakuti ndi wouma mtima.

Madzulo ake Dona anamupatsa beseni lija, lokhala ndi chibowo chomatidwa m'mbali, ndi zidutswa zinayi za bulangete. Ananenanso kuti fumbi likatsika adzamuitana. Fumbi la ku Thyolo mukulidziwa, limatsika ndi mvula n'kudzukanso. Chaka chotsatira Dona anadwala malungo aakulu, nabwerera kwawo, ndipo amene anabwera m'malo mwake anapeza dzina la Lestina litafufutidwa kale.

Pa esiteti ya Bwana Kaliwo sakanakhalanso. Anatenga mayi ake, khasu, mbewu ya kalongonda ndi beseni, nakapempha malo kwa Mphuka. Miyezi yoyamba ankalima basi. Kenaka kunabwera mayi wina wothyola tiyi amene khosi linamuuma ndi lamba wa dengu. Kenaka mwana wobinya kakolo. Kenaka nkhalamba imene dzanja linagwa pambuyo pa matenda. Anthu omwe aja ankanena kuti amawotcha amuna anayamba kufika m'mamawa, atanyamula chinangwa kapena mazira, akuyang'ana uku ndi uku kuti anzawo asawaone, n'kupeza anzawowo atakhala kale pamzere.

Amuna nawo amawalandira, koma pali lamulo, ndipo salisintha ngakhale abwere mwana wa mfumu. Mwamuna abwere ndi mkazi wake. Wopanda mkazi abwere ndi mlongo wake kapena azakhali. Mayiyo akhale pafupi, agwire beseni, aone zonse, ndipo pofika mlungu wachiwiri nsalu azifinya yekha. Mwamunayo amapatsidwa munsi wakale, wosalala, kuti augwire ndi manja awiri kuyambira madzi akamafika mpaka atachoka. Akafunsa chifukwa chake, Lestina amati umathandiza kupirira ululu. Amayi ogwira beseni amayang'anana osaseka.

Mmodzi mwa ogwira munsiwo anali Peterson, kalipentala wa ku Bvumbwe, amene anabwera ndi phewa loguluka pamodzi ndi azakhali ake ogontha. Phewa litachira anapita kwawo, nakhala mwezi wathunthu, kenaka anatumiza ankhoswe monga anthu amachitira, masana, opanda tambala wakuba. Anakwatirana mu 1934. Ali ndi ana awiri, ndipo benchi imene odwala amagonapo tsopano anaikhoma ndi iyeyo. Satifiketi Lestina alibe. Epuloni anadzisokera yekha ya thumba la ufa, ndipo imayera kuposa ija. Akamadutsa atsikana a mishoni ovala zoyera, opita kukalandira mapepala awo, amaima ndi khasu n'kuwayang'ana mpaka atakhota pakona, kenaka n'kupitiriza kulima. Zimene amaganiza sauza munthu, ndipo pano sitipeka.

A Esnat anafikako kamodzi, patatha chaka ndi theka chichitikire bwalo lija. Anakhala pa benchi, nalandira madzi akumwa, nafunsa za a Alesi, nazungulira ndithu asanafike pa chimene anadzera.

"Bondo lija. Lingathekenso?"

"Munkawapinda?"

"Ndinayesa. Tsiku loyamba anati ndikubwezera. Lachiwiri anandiponyera ndodo. Akuti manja anga ndi a nkhuni." A Esnat anayang'ana manja awo. "Akuti mwina ukanabwera iweyo."

"Akabwera ndi inu, agwira munsi ngati anzawo. Koma ndisakunamizeni, amayi. Bondo likauma chaka lamanga nyumba. Silisamukanso."

A Esnat anagwedeza mutu, namwa madzi otsala. "Munsi sangagwire," anatero. "Kapitawo wathunthu?" Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano, natsanzika.

A Fackson akadali kapitawo. Mukawaona pa sikelo ya tiyi Loweruka, mwendo uli tambalale ngati mtanda wa ngolo, thalauza lili pamwendo, dzanja lili m'thumba. Mlendo akawafunsa chinachitika n'chiyani, amapumira m'mwamba n'kunena kuti akazi ndi oopsa. Mlendoyo amanyamula nkhaniyo kupita nayo ku Bvumbwe, kumene imakafika itanenepa, ndipo inu mumaigula osaitembenuza n'komwe.

Mwendo wa a Fackson sunawotchedwe ndi munthu, unauma chifukwa mwini wake anasiya kupita kuchipatala tsiku limene anazindikira kuti kumeneko amathowa bondo basi.